Richard St. Barbe Baker, Munthu wa Mitengo (1889–1982)

Tikamaphunzira za utumiki m'gulu lathu lino, nthawi zambiri timafunsana kuti ndi ntchito yanji imene anthu ochepa ngati ife tingagwire m'dera lathu. Wina amatchula mtsinje umene kale unkayenda chaka chonse koma lero umaphwa chilimwe chisanafike pakati. Wina amatchula phiri limene latsala zitsa zokhazokha, ndiponso mtunda umene amayi akuyenda pofuna nkhuni. Tikatchula zimenezi timangoti zii, poti vutolo limaoneka lotikulira. Kapepala kano kakutifotokozera za munthu amene anaona vuto lomweli zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo anayamba kulimbana nalo pamodzi ndi anyamata 50 amene sankalandira malipiro alionse. Tiwerenge mosinthana, ndime imodzi munthu mmodzi, kenako tikambirane mafunso amene ali kumapeto.

1. M'mera mpoyamba

Richard St. Barbe Baker anabadwa pa 9 Okutobala 1889 m'mudzi wa West End, pafupi ndi mzinda wa Southampton ku England. Bambo ake anali mlaliki wa Chikhristu, komanso anali ndi nazale ya mitengo. Choncho mwanayu anakulira pakati pa mapemphero ndi mbande. Akadali wamng'ono anaphunzira kufesa njere za mitengo, kuthirira ndi kuokera mbande, ndipo atasinkhukirapo anayamba kuweta njuchi.

Atakula ankakonda kufotokoza za tsiku lina ali ndi zaka ngati zisanu, pamene analowa yekha m'nkhalango ya paini imene inali pafupi ndi kwawo. Mwana wina akanalira ndi mantha. Iye anadzazidwa ndi chimwemwe chachikulu, ndipo anamva mumtima kuti iye, mitengoyo ndi kuwala kwa dzuwa kumene kunkadutsa m'nthambi, zonse n'za Mlengi mmodzi. Chimene anachimva tsiku limenelo sichinamuchoke mpaka ukalamba. Ife amene timaphunzitsa ana tisaiwale kuti zimene mwana amaona ndi kugwira ali ndi zaka zisanu zikhoza kuongolera moyo wake wonse.

2. Zimene anaona ku Canada

Ali ndi zaka ngati 20, Richard anaoloka nyanja kupita ku Canada, m'chigawo cha Saskatchewan, ali ndi maganizo odzatumikira mpingo. Anali mmodzi wa ophunzira oyambirira pa yunivesite ya mumzinda wa Saskatoon, ndipo pofuna ndalama zodzithandizira ankagwira ntchito m'misasa ya anthu odula mitengo pafupi ndi Prince Albert. Kumeneko anaona mitengo ikugwetsedwa mosakaza, popanda woganiza zobwezeretsa. Kuzigwa anaona alendo amene anali atangofika kumene akutipula udzu umene unagwira nthaka kwa zaka zosawerengeka, ndipo mphepo inayamba kuulutsa dothi la pamwamba poti panalibe mitengo yoitchinga.

Anabwerera ku England kukaphunzira zaubusa ku Cambridge, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914 anapita kukamenya nkhondo ku France, kumene anavulala kwambiri. Nkhondo itatha anabwereranso ku Cambridge, ulendo uno kukaphunzira za nkhalango. Mtima wofuna kutumikira Mulungu ndi anthu unali womwe uja; chimene chinasintha ndi munda umene anasankha kugwiramo ntchito.

3. Gule wa mitengo

Mu 1920 boma la Britain linatumiza Bambo Baker ku Kenya, dziko limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa atsamunda, kuti akagwire ntchito yoyang'anira nkhalango. Anakakhala kumapiri a pafupi ndi Nairobi, kwa anthu a mtundu wa Akikuyu. Nkhalango za kumeneko zinali zikutha. Sitima za pamtunda zochokera ku Mombasa zinkayendera nkhuni. Azungu anali atalanda minda yambiri yachonde, ndipo eni nthaka, atapanikizidwa pa malo ochepa, ankatentha tchire kuti apeze polima.

Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri Bambo Baker chinali madzi. Ankadziwa kuti mtsinje umabadwira m'nkhalango. Mvula ikagwa pa phiri la mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu isanafike pansi. Zinyalala zoolerana pansi pa mitengo zimamwa madziwo, mizu imawatsegulira njira, ndipo amalowa pang'onopang'ono m'nthaka n'kukatulukira m'akasupe amene amadyetsa mtsinje m'chilimwe. Mitengo ikachoka, mvula imamenya dothi lopanda chofunda, madzi onse amathamangira kumunsi tsiku lomwelo atanyamula chonde, mtsinje umasefukira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Mapiri a Aberdare ndi phiri la Kenya ndiwo gwero la Tana, mtsinje wautali kuposa yonse m'dzikomo, ndipo mpaka lero madzi ambiri amene anthu a mu Nairobi amamwa amachokera ku Aberdare.

Njira imene boma linkaidziwa inali ya malamulo, alonda ndi chindapusa. Bambo Baker anaona kuti mlonda mmodzi sangalondere phiri lonse usana ndi usiku, ndipo ndalama zolipirira anthu obzala mitengo zinali zochepa. Choncho anapita kwa akuluakulu a m'midzi, nakhala nawo pansi kumvetsera. Pa ntchito imeneyi anathandizana ndi mfumu Josiah Njonjo, imene inkawamasulira ndi kuwalangiza. Anazindikira kuti Akikuyu anali ndi magule a nyengo zofunika, monga yobzala ndi yokolola, ndipo anafunsa ngati pangakhalenso gule wa mitengo.

Pa 22 Julayi 1922, pa malo otchedwa Muguga, anyamata pafupifupi 3,000 anasonkhana kudzavina. Atavina, Bambo Baker ndi mfumu Njonjo anawafotokozera za kutha kwa nkhalango, napempha amene angadzipereke mwa kufuna kwawo. Ambiri anabwera kutsogolo, ndipo mwa iwo anasankhapo 50. Anyamata amenewa analonjeza pamaso pa Ngai, dzina la Mulungu m'chinenero chawo, kuti adzabzala mitengo khumi chaka chilichonse, adzateteza mitengo kulikonse kumene ali, ndipo adzachita chabwino chimodzi tsiku lililonse. Anatchedwa Watu wa Miti, mawu a Chiswahili otanthauza Anthu a Mitengo. Mawu awo ozindikirana anali Twahamwe, kutanthauza kuti tonse tili pamodzi.

Tione kukula kwa lonjezolo. Mitengo khumi pa chaka si yambiri. Aliyense wa ife akhoza kuiwerenga ndi zala, kuidziwa pamene ili, ndi kuona ngati ina yafa. Ndiponso lonjezo lobzala linamangidwa pamodzi ndi lonjezo la khalidwe, ngati kuti munthu amene akuphunzira kukomera mtima mnansi wake ndi yemweyo amene angaleze mtima ndi mbande.

Bambo Baker ankafotokoza kuti patapita masiku ochepa anyamata ena anabwera ku msasa wawo madzulo ali ndi nkhawa, poti dzuwa linali kulowa asanapeze chabwino choti achite tsiku limenelo. Pa nazale panali mbande zambirimbiri za mutarakwa, mtengo wa kumapiri wa matabwa onunkhira amene ankapangira mapensulo, ndipo mbandezo zinali zosaokera chifukwa chosowa anthu. Anagwirizana kuti amene waokera mbande 50 wachita chabwino chake cha tsikulo. Kuyambira pamenepo anyamata ankabwera madzulo, ndipo mbande zimene zikanafera pamodzi zinapulumuka. Akuluakulu a Akikuyu anawalandira Bambo Baker m'bwalo lawo lotchedwa Kiama. Lero ku Muguga kuli likulu la bungwe la boma la Kenya lofufuza za nkhalango.

Ubwenzi umenewu sunakondweretse onse. Pa nthawi ina akugwira ntchito m'boma la atsamunda, Bambo Baker anaima pakati pa mzungu mnzawo ndi wantchito wachikuda amene ankati amenyedwe, ndipo nkhonyayo inagwera iwo. Zimenezi zinawadanitsa ndi akuluakulu awo a ntchito. Kwa iwo, kukonda nkhalango ndi kulemekeza anthu okhala m'mphepete mwake inali nkhani imodzi.

4. Chikhulupiriro chimene anachipeza

Mu 1924, ali ku England, anakhazikitsa bungwe la Men of the Trees, potengera dzina ndi chitsanzo cha anyamata a ku Muguga. Nthawi imeneyo anthu ambiri a ku Ulaya ankaganiza kuti nzeru zimachoka kwawo kupita ku Africa, koma apa zinayenda mobwerera.

Chaka chomwecho ku London kunachitika msonkhano wa zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo Bambo Baker analankhulapo za chikhulupiriro cha anthu amene anakhala nawo ku Kenya. Atamaliza, mayi wina wachibahá'í dzina lake Claudia Coles anawayandikira n'kuwauza za Bahá'u'lláh. Anawerenga, nasinkhasinkha, ndipo analandira Chikhulupiriro cha Bahá'í, chimene anakhala nacho mpaka imfa. M'ziphunzitso za umodzi wa mtundu wa anthu, ndiponso zakuti ntchito yogwiridwa ndi mzimu wa utumiki ndi kupembedza, anapezamo zimene mtima wawo unkazifuna kuyambira ubwana.

Anagwiranso ntchito ya nkhalango ku Nigeria kwa zaka zingapo. Mu 1929 anapita ku Palestine, dziko limene mapiri ake ambiri anali opanda mitengo ndipo anthu ake ankakayikirana. Kumeneko anakwanitsa kukhazika pamodzi atsogoleri a Chisilamu, Chiyuda ndi Chikhristu pa nkhani yobzala mitengo. Anapita ku Haifa kukaonana ndi Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chikhulupiriro, amene anakhala membala woyamba wa moyo wonse wa bungwelo m'dzikomo ndipo anapitiriza kuwalimbikitsa kwa zaka zambiri. Mtetezi, amene anali ndi ntchito yotsogolera Abahá'í a dziko lonse, anaona kuti kubzala mitengo n'koyenera nthawi yake ndi dzina lake. Ifenso tisaione ngati ntchito yapambali.

5. Loto lalikulu la Sahara

M'zaka za m'ma 1930 Bambo Baker anayendayenda ku America. Anathandiza pa ntchito yoteteza mitengo italiitali ya ku California, imene ina mwa iyo yakhala zaka zoposa 1,000. Anakambirananso ndi Franklin Roosevelt za kupatsa achinyamata osowa ntchito mwayi wobzala mitengo. Roosevelt atakhala mtsogoleri wa dzikolo anayambitsa mu 1933 gulu la Civilian Conservation Corps, limene pofika 1942 linali litalemba anyamata pafupifupi 3 miliyoni ndi kubzala mitengo pafupifupi 3 biliyoni.

Koma mtima wawo unali ku Africa. Mu 1952, ali ndi zaka zoposa 60, anayenda pa galimoto ndi anzawo ochepa kudutsa chipululu cha Sahara kuchokera ku Algiers mpaka kukafika ku Kenya, akuona mmene nthaka ya m'mphepete mwa chipululucho inkaumira. Mu 1964 anayendanso ulendo wina wozungulira chipululucho, akukambirana ndi atsogoleri a mayiko amene ambiri anali atangolandira kumene ufulu. Maganizo awo anali akuti mayiko onsewo agwirizane kubzala lamba wa mitengo wotchinga chipululu. Ankaphunzitsa kuti mitengo ndi khungu la dziko, ndipo monga munthu amene wapsa gawo lalikulu la khungu lake amakhala pa ngozi ya imfa, dziko nalonso liyenera kusunga gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka yake lili ndi mitengo.

Loto limeneli sanalione likukwaniritsidwa. Maboma ankawamvetsera mwaulemu, koma ntchito siinayambike monga ankafunira. Patadutsa zaka 25 chimwalirireni, mu 2007, bungwe la African Union linavomereza ntchito ya lamba wa mitengo wochokera ku Senegal mpaka ku Djibouti, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000. Ntchitoyi yakhala ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo m'malo ambiri mbande zobzalidwa popanda wozisamalira zinafa. Kumene mitengo yabwereradi, monga kumwera kwa dziko la Niger, ndi kumene alimi eni ake anayamba kusunga ndi kutengulira mphukira za zitsa m'minda yawo. Tikaonetsetsa, phunziro lake ndi lomwe lija la ku Muguga: mtengo umakula pamene pali munthu amene wauvomera kuti ndi wake.

6. Mtengo womaliza

Mu 1959 anasamukira ku New Zealand. Ali ndi zaka zoposa 70 anayenda pa hatchi kuchokera kumpoto mpaka kumwera kwa dzikolo, akuima m'masukulu kulankhula ndi ana. Analemba mabuku ambiri, ndipo limodzi mwa iwo ndi la mbiri ya moyo wawo lotchedwa My Life, My Trees. M'zaka za m'ma 1970 anapita kumapiri a Himalaya ku India kukalimbikitsa anthu a m'midzi a gulu la Chipko, amene ankakumbatira mitengo kuti odula asaigwetse. Yunivesite ya Saskatchewan inawapatsa digiri yaulemu mu 1971, ndipo mu 1978 Mfumukazi ya ku Britain inawapatsa ulemu wa OBE.

Mu Juni 1982, ali ndi zaka 92 ndiponso ali ofooka, anabwerera ku Saskatoon kumene anaphunzira ali mnyamata. Pa 5 Juni, tsiku loganizira za chilengedwe pa dziko lonse, anabzala mtengo pa bwalo la yunivesite ija. Anamwalira pa 9 Juni, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda womwewo. Bungwe limene anayambitsa lidakalipo. Kuyambira mu 1992 limatchedwa International Tree Foundation.

7. Nanga ife?

Ambiri mwa ife tinapitapo ku mwambo wobzala mitengo. Timakumba maenje, timaimba, timajambulitsa zithunzi, ndipo pobwerera kunyumba timamva bwino. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndi ochepa amene amabwerera kukaona. Mbuzi zimakhala zitadya nsonga, chiswe chitalowa ku mizu, ndipo moto wa m'chilimwe umamaliza zotsalazo. Chaka chotsatira timakumbanso maenje pa malo omwewo.

Gule wa ku Muguga anali wa tsiku limodzi. Chimene chinapulumutsa mbande ndi anyamata aja amene ankabwera madzulo, opanda ng'oma ndiponso opanda owaonerera. Ntchito yambiri yosamalira mtsinje ndi nkhalango ndi yotere: kutchingira mbande ndi minga, kuithirira mvula ikadula, kulambula njira yotchinga moto udzu usanaume, kutola mapulasitiki pa dooko, kusiya tchire m'mphepete mwa madzi m'malo molima mpaka m'gombe, ndi kutengulira mphukira za zitsa zimene zilipo kale.

Tionenso mmene Bambo Baker anayambira. Sanafike ndi dongosolo lokonzeratu. Anayamba ndi kumvetsera akuluakulu, anagwira ntchito ndi mfumu, ndipo anamanga pa mwambo umene anthu anali nawo kale. Ifenso tikafuna kugwira ntchito pa mtsinje wathu, tiyambe kwa a mfumu, kwa eni madimba a m'mphepete mwake, kwa amayi amene amatunga ndi kuchapa pamenepo, kwa alangizi a zankhalango, ndi kwa agogo amene akukumbukira mitengo imene inalipo kale. Tisaiwale amene amaotcha makala. Ambiri mwa iwo akufuna chakudya cha ana awo, ndipo kukambirana kumene kwawasiya kunja sikungapite patali. Mtsinje umamwetsa Mkhristu, Msilamu ndi Mbahá'í mofanana, choncho ntchitoyi ndi ya mudzi wonse, ndipo ife tikulowamo ngati anansi.

Mwina ena mwa ife sitidzakhala pa mthunzi wa mitengo imene tibzale. Munthu amene tawerenga za iyeyu anabzala mtengo wake womaliza patatsala masiku anayi kuti amwalire.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu mmene nkhalango ya kumtunda imadyetsera mtsinje m'chilimwe. Kodi mtsinje kapena kasupe amene timamwa ife amachokera kuti, ndipo ndani mwa ife anafikako?

2. N'chifukwa chiyani lonjezo la Watu wa Miti linaphatikiza kubzala mitengo ndi kuchita chabwino chimodzi tsiku lililonse? Ndi makhalidwe ati auzimu amene munthu amafunika kuti asamalire mbande kwa zaka zitatu?

3. Bambo Baker anayamba ndi kumvetsera. Ndi anthu ati m'dera lathu amene tiyenera kuwamvetsera tisanachite chilichonse, ndipo ndani wa ife apite kukawaona?

4. Ndi lonjezo liti laling'ono, lotheka kuliwerenga, limene gulu lathu lingachite pamodzi ndi achinyamata ndi anansi athu? Tigwirizane tsiku loyenda limodzi m'mphepete mwa mtsinje kukaona mmene zinthu zilili, ndiponso tsiku lodzabwererako kukawerenga zimene zapulumuka.